Ndinadanitsa amayi anga ndi mng'ono wawo chifukwa cha kamphika

Lero ndi Lachisanu loyamba la mwezi wa Okutobala. Ndangofika kumene kuchokera kusukulu, yunifolomu sindinavule, ndipo ndakhala kuseri kwa nyumba kumene amayi ayanika chinangwa. Andiuza kuti ndiziingitsa nkhuku, ndiye dzanja lina lagwira kamtengo, lina cholembera. Ndimalemba tsiku lililonse, koma zimene ndimalemba zimakhala zanga ndekha. Izi zokha ndikufuna ena awerenge, makamaka atsikana anzanga amanyazi ngati ine, amene tikafunsidwa funso pagulu timangoyang'ana zala zakuphazi.

Inu owerenga, ine ndinanama bodza limodzi, lalifupi kwambiri, ndipo bodzalo ladanitsa amayi anga ndi mng'ono wawo wa bere limodzi. Chaka chatsala pang'ono kukwana tsopano asakulankhulana. Wolakwa ndine, koma amene akusenza mlanduwo ndi munthu amene anandichitira zabwino kuposa wina aliyense.

Maina sinditchula. Kwathu kuno ku Nkhata Bay amayi timawaitana kuti Ama, bambo kuti Ada, ndipo mlongo wawo wa bambo timati Ankhazi. Mng'ono wawo wa Ama ine ndinazolowera kumawaitana kuti Anti. Ama amagulitsa nsomba mumsika. Anti anaphunzira chifukwa cha nsomba zomwezo, poti Ama anasiya sukulu msanga n'kumathandiza agogo kuti wamng'onoyo apitirize. Kenako Anti anapeza ntchito yophunzitsa Chingerezi pasukulu ina ya ana ku Thailand. Sanakwatiwe ndipo alibe mwana. Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ankaimba foni, awiriwo n'kumaseka mpaka batire kutha. Ada ankati nyumba ino ili ndi akazi awiri, wina amangokhala m'foni.

Pali chinthu china chimene ndiyenera kukuuzani kaye. Ndili Sitandade 8, Ama anali oyembekezera, koma mwanayo anabadwa atafa kale. Mwana wotere kwathu salira maliro. Amayi akuluakulu okha ndi amene amapita naye m'mamawa, popanda bokosi, popanda nyimbo, ndipo mayi wake amauzidwa kuti asalire. Ine ndinangoona Ama atabwera kuchipatala chimanjamanja. Nditafunsa kuti mwana ali kuti, Ankhazi anandiyankha kuti zimenezo ana safunsa. Sindinafunsenso, koma sindinaiwale. Ndinkaona Ama akupinda timalaya timene anagula n'kutiika pansi penipeni pa sutikesi. Ndinkafuna kuwauza kuti nanenso ndimamuganizira, koma pakamwa panga sipankatseguka.

Nditalemba mayeso a Fomu 2, Anti anandiitana kuti ndikawachezere pa holide. Zinali ngati maloto. Ndinayenda ndi mnzawo wina amene ankabwerera kuntchito komweko, ndipo za ndege ndi za mizinda ikuluikulu sindinena zambiri chifukwa si zimene zandikhalitsa pano. Ndingonena kuti Anti anandilandira akulira ndi chimwemwe, anandipatsa bedi lawo iwo n'kumagona pansi, ndipo tsiku lililonse ankandifunsa ngati chakudya chawawa tsabola.

Kutatsala pang'ono kuti ndibwerere, mphunzitsi mnzawo wa komweko anatitenga pagalimoto kuti tikaone mudzi wina wotchedwa Ban Chiang. Anati mudziwu umadziwika chifukwa pansi pake anapezapo zinthu za anthu akalekale. Inali nyengo ya mvula. Tinadutsa minda ya mpunga yobiriwira mbali zonse, madzi ali mbee, ndipo ndinaona njati zoweta zitagona m'matope ngati ng'ombe. Mudziwo unali wabata. Nyumba zina zinali zamatabwa, zokhala pamwamba pa mizati, ndipo pansi pake amayi achikulire ankaluka nsalu zabuluu, ena akujambula mizere yofiira pamiphika. Agalu anagona pamsewu osatekeseka. Ndinakumbukira midzi ya kwathu masana a Lamulungu.

Tinayamba talowa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale. Munali miphika yambiri, ina yakuda, ina yotuwa yokhala ndi mizere yofiira yozungulirazungulira ngati madzi ukaponyamo mwala. Munalinso zibangili zamkuwa ndi mikanda. Kuchoka apo tinapita pafupi ndi kachisi wawo, pamene pali dzenje lalikulu lofoleredwa ndi denga. Ndinasuzumira ndikuganiza kuti ndionanso miphika. Miphika inalimodi, koma inali pamodzi ndi mafupa a anthu atagona chagada, miphika ina kumutu, ina kumiyendo, ina yosweka pamwamba pawo.

Thupi langa lonse linachita tsemwe. Ndinali ndisanaonepo mafupa a munthu. Kwathu tikachoka kumanda timasamba m'manja tisanalowe pakhomo, ndiye ndinayamba kuyang'ana uku ndi uku kuti madzi osambira ali pati. Panalibe. Ana a sukulu ina ya komweko ankangosuzumira akuseka, ena akunyambita ayisikirimu. Mphunzitsi uja anatiuza kuti anthuwa anakhalako zaka zikwizikwi zapitazo, ankalima mpunga ndi kusula zitsulo, ndipo ankaika abale awo pamodzi ndi miphika yokongola kwambiri imene anali nayo.

Kenako anatisonyeza mtsuko wina waukulu, wakuda, wosweka mbali imodzi. Mkati mwake munali timafupa ting'onoting'ono. Anati makanda akamwalira ankawaika m'mitsuko yotere, n'kuwakwirira pafupi ndi pamene iwo ankakhala.

Inu owerenga, mantha aja anandithera pomwepo. Ndinaima nthawi yaitali. Ndinaganiza za mayi amene anasankha mtsuko umenewo, anautsuka, n'kugonekamo mwana wake mosamala kuti dothi lisamukhudze. Mayiyo dzina lake palibe akulidziwa, koma mwana wake mpaka lero anthu akumuona n'kumadziwa kuti analiko. Ndinaganiza za mwana wa Ama amene ngakhale malo ake sindiwadziwa. Misozi inatsika, ndinapukuta msanga kuti Anti asaone, ndipo ndinajambula mtsukowo pafoni pamodzi ndi zina zonse.

Potuluka tinapeza mayi wina wachikulire akugulitsa timiphika tatsopano topangidwa motsanzira takale tija. Anandimwetulira, anaika manja ake pamodzi pachifuwa monga amachitira popereka moni, n'kundipatsa kamodzi kuti ndikagwire. Kanali kang'ono, kokwana m'manja awiri, kopepuka, mizere yake yofiira isanaume bwino. Ndinauza Anti kuti ndikufuna kugulira Ama.

"Ayi iwe," anatero Anti. "Amayi ako agulire nsalu yabuluu iyo. Zinthu zofanana ndi za kumanda sitipita nazo kunyumba, ngakhale zitaumbidwa dzulo. Wakuiwala kwanu?"

Sindinatsutse, ine sinditsutsa munthu pamaso. Ndinagula nsaluyo. Koma pamene iwo anakhala pansi kuti adye, ndinanena kuti ndikupita kuchimbudzi, ndinabwerera kwa mayi uja n'kugula kamphikako. Ndinakakulunga m'juzi yanga n'kukabisa pansi pa chikwama. Mumtima ndinkati Anti sangamvetse. Ndinkafuna kukawapatsa Ama tili awiri, ndiwauze za mtsuko uja, ndiwauze kuti kuli anthu amene ana otere ankawasunga pafupi, ndiponso kuti mwana wawo ine ndimamukumbukira. Mawu amenewa ndinawakonza njira yonse ya m'ndege.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti Ama anali oyembekezeranso. Anti ankadziwa, poti awiriwo sankabisirana kanthu, koma sakanandiuza chifukwa nkhani ya pakati wamkulu sauza mwana. Ama ndi onenepa ndipo amavala zitenje ziwiri, ndiye ine sindinaone kalikonse.

Tsiku limene ndinafika, pakhomo panali anthu ambiri. Anansi anabwera, amayi anzawo a Ama a kumsika anabwera, ndipo Ankhazi anali atafika kale m'mawa. Ankhazi ndi munthu wanthabwala komanso wosadikira. Ndisanamalize n'komwe kupereka moni, iwo anali atakoka sutikesi yanga pakati pa mphasa.

"Tione zimene watitengera, mzungu wathu! Kapena wabwera ndi mpunga wokha m'masaya?"

Anthu anaseka. Anatulutsa nsalu yabuluu ija, Ama anaikonda. Anatulutsa maswiti, ana anakanganirana. Kenako anagwira juzi ija n'kumva kuti muli chinthu cholimba. Ndinalephera kunena kuti chimenecho chisiyeni.

"Nanga aka? Kophikiramo usipa umodzi?" anatero Ankhazi akukakweza m'mwamba. "Alamu, landirani. Mwana wanu akuti muchepetse kudya."

Ama anakalandira akuseka. Anakatembenuzatembenuza, anatsata mizere yake ndi chala, n'kunena kuti amene anajambula ali ndi dzanja labwino. Anakaika pamiyendo n'kukakumbatira chapamimba, uku akumvetsera nkhani za ena. Chithunzi chimenecho sichindichoka m'maso mpaka lero.

Nthawi yomweyo foni yanga inkayenda m'manja mwa anthu, aliyense akufuna kuona kumene ndinapita. Itafika kwa Ankhazi anayamba kusuntha zithunzi ndi chala, akuseka njati zija ndi nyumba za pamizati. Mwadzidzidzi kuseka kunatha. Anayandikitsa foni kumaso, anayang'ana kamphika kali pamiyendo pa Ama, n'kuyang'ananso foni. Anali atafika pa mafupa aja okhala ndi miphika ya mizere yofiira. Anasunthanso, n'kuona mtsuko wa khanda uja.

"Mayo ine! Alamu, chotsani chinthucho pamimba!"

Anadumpha n'kukalanda kamphikako, kukaponya pabwalo. Sikanasweke, kanangogubuduka mpaka pa mtengo wa mango. Foni inayamba kuyendanso m'manja, koma tsopano mwakachetechete. Mayi wina anaphimba pakamwa ndi chitenje. Wina ananong'ona kuti awa ndi malodza, munthu wapakati sapatsidwa chinthu cha kumanda. Apa m'pamene ndinadziwira kuti Ama ali ndi pakati. Mtsuko wa pachithunzi unali waukulu ndi wakuda, kanga kanali kakang'ono ndi kofiira, koma kwa anthu amene anali pamphasa paja mphika unali mphika basi.

Ada, amene nthawi yonseyi anakhala pampando pakhonde, anandiitana. Ndinagwada patsogolo pawo anthu onse akuyang'ana.

"Iwe mwana, chinthu ichi wachitenga kuti? Anakupatsa ndani?"

Ndikanangonena kuti ndinagula ndekha mosadziwa, akanandikalipira, mwina Ankhazi akanandikoka khutu, nkhani n'kuthera pomwepo. Mwana akalakwa amati ndi chibwana. Koma maso aja anandilemera. Mawu onse amene ndinakonza m'ndege anathawa. Ndinangomva pakamwa panga pakunena kuti:

"Anti ndi amene anasankha. Anati ndikawapatse Ama."

Ndi bodza lonselo, inu owerenga. Ndinaganiza kuti Anti ali kutali, sangamve kuwawa, ndipo mawa anthu aiwala.

Ada anatola kamphikako ndi pepala la pulasitiki, osakagwira ndi manja, n'kukakaponya m'nyanja kumiyala. Amayi a kutchalitchi anapemphera m'nyumba. Madzulo ake Ada anaimbira Anti ine ndili pomwepo. Ndinamva mawu a Anti ali kutali akunena kuti iwo sanagule mphika uliwonse. Ada anafunsa kuti ndiye mukuti mwanayu akunama? Kenako Anti anati, "Alamu, musamukalipire mwanayo." Sananenenso china. Anthu anamva ngati avomera.

Poyamba Ama ankawaikira Anti kumbuyo. Ankati mwina mng'ono wawo wakhalitsa kunja, waiwala za kwathu. Koma Ankhazi ankabwera pafupipafupi ndi funso limodzi lomwelo. Ankati munthu amene ankadziwa kuti mkulu wake ali ndi pakati, munthu amene akudziwa zimene zinachitika ulendo watha, angasankhe bwanji chinthu chotere pa zinthu zonse za m'dziko limenelo? Kumsika nkhaniyo inakula. Ena ankati ndi nsanje ya munthu wopanda mwana. Ena ankati kumene aliko analowa zachilendo, n'chifukwa chake zinthu zikumuyendera. Mayi wina wogulitsa tomato anandigwira dzanja n'kunena kuti ndiziyamika Mulungu kuti ndinabwerako wamoyo. Ine ndinangoti yewo, zikomo wa kwathu kuno.

Foni ya Lamulungu inayamba kufupika. Ama ankayankha moni n'kunena kuti ali ndi zochita. Ine ndinadziuza kuti ndidikire mwana abadwe. Ndinkati akabadwa bwinobwino aliyense adzasangalala, ndiye ndidzaulula tikuseka, Ankhazi adzanditcha wabodza kwa sabata imodzi n'kuiwala. Tsiku lililonse ndinkapempherera mwanayo, koma ndivomere kuti theka la pempherolo linali lodzipempherera ndekha.

Mvula itayandikira, miyendo ya Ama inayamba kutupa ndipo mutu unkawapweteka kwambiri. Tsiku lina anagwa ali kumsika. Anawatengera kuchipatala, ndipo mwanayo anabadwa masiku asanakwane, wopanda moyo. Ndinapita ndi phala m'mawa mwake ndipo ndinamva ndi makutu anga namwino akufotokozera Ada kuti vuto linali kuthamanga kwa magazi, monga zinalili ulendo woyamba. Ada anagwedeza mutu. Koma titafika kunyumba palibe amene anatchula za magazi. Aliyense ankatchula kamphika.

Ulendo uno ndinawaona amayi akuluakulu aja akupita kukamuika mwanayo. Ndinali nditadzuka kuti ndisese pabwalo. Anali ochepa, opanda nsapato, mmodzi atanyamula kanthu kokulungidwa m'chitenje, wina khasu. Sanalankhule, sanayang'ane kumbuyo. Ndinaima ndi tsache m'manja mpaka anakhota. Ndinakumbukira mtsuko uja ndipo ndinalakalaka ndikanapanda kupita ku Thailand, ndikanapanda kusuzumira m'dzenje muja.

Ama atachira anachotsa chithunzi cha Anti pakhoma. Nambala yawo anaitseka. Nsalu yabuluu ija anaipereka kwa munthu wopempha. Anti atatumiza katundu kudzera mwa mnzawo, Ama anakana kumulandira, ndipo munthuyo anabwerera naye. Ama sanatukwane, sanakuwe. Anangonena kuti iwo mng'ono alibe.

Mwina mukufunsa kuti bwanji sindinaulule pamenepo. Ndimadzifunsanso. Mwana asanamwalire, choonadi chinali chopepuka koma ndinachizengereza. Atamwalira chinalemera moti sindikanatha kuchinyamula. Ndinkaganiza kuti ndikanena kuti si Anti, ndiye kuti mawu onse amene anthu akuwanenera agwera ine. Ama adzandiyang'ana ngati amene ndinapha mwana wawo. Ndipo ngakhale ndinamva zimene namwino ananena, ngakhale kusukulu timaphunzira za matenda amenewa, masiku ena nanenso ndimayamba kukhulupirira kuti mwina ndi kamphika kaja. Ndikamaganiza choncho chakudya sichilowa.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi chikondi cha Ama. Chichitikireni zimenezi amandisamala kuposa kale. Akamandiluka tsitsi amandisisita pamutu n'kumati, "Mwana wanga wosalakwa, anakutuma ngati mthenga wa zoipa iwe osadziwa." Ine ndimangowerama, iwo amaganiza kuti ndikumva chisoni ndi zimene anandichitira Anti.

Anti sanandiululepo. Akanatha kuuza Ada kuti anandiletsa, akanatha kuitana mphunzitsi mnzawo uja kuti achitire umboni. Sanatero. Pa tsiku langa lobadwa mnzanga wina wa m'kalasi anandisonyeza uthenga umene unabwera pafoni yake. Unali wochokera kwa iwo. Anati sanandikwiyire, ndilimbikire sukulu, ndipo ndiziwasamala Ama chifukwa amaiwala kumwa mankhwala. Ndinawerenga n'kubweza foniyo. Sindinayankhe. Ndikanakonda akanandilalatira, mwina ndikanapepukidwa.

M'kalasi ndinatsika. Aphunzitsi a mbiri yakale atafika pa mutu wa anthu okumba zinthu zamakedzana, anakumbukira kuti ine ndinapitako kumalo otere ndipo anandipempha kuti ndifotokozere anzanga. Ndinaimirira, ndinatsegula pakamwa, ndinayamba kulira. Anzanga anaseka poganiza kuti ndi manyazi anga a masiku onse.

Tsopano nthawi yandithera. Mwezi uno tikumanga chiliza cha agogo, amayi awo a Ama ndi Anti. Nkhaniyi inakonzedwa kalekale, awiriwo akugwirizana, ndipo Anti ndi amene analonjeza pamaliro kuti tsiku limenelo sadzalephera kubwera. Sukulu yawo yatsekera ndipo tamva kuti afika sabata yamawa. Ama anena kuti mng'ono wawoyo akaponda pamanda, iwo sapondapo. Mlongo wawo wamkulu, amene timati Asibweni, akubwera Lamulungu tikaweruka kutchalitchi kuti adzagamule. Aliyense akudziwa mmene agamulire. Ama ndi aakulu, ndi amene anadwazika agogo, ndiponso ndi amene anataya mwana. Anti adzauzidwa kuti akhale kumalo ogona alendo, asafike pakhomo, asafike pamanda a mayi wawo. Ankhazi ayamba kale kunena kuti munthu ameneyo akadzaoneka pamsewu wathu adzamuthira madzi a nsomba.

Dzulo ndinapita kumsika kukawathandiza Ama kunyamula beseni. Mayi wina amene ankadutsa anaitana mwana wake, ndipo dzina la mwanayo linali lofanana ndi la Anti. Ama anatembenuka msangamsanga, nkhope itawala, nsomba ili m'manja. Ataona kuti ndi kamwana ka eni ake, anayang'ana pansi n'kuyamba kukonza milu imene inali yokonza kale. Wogula anafunsa mtengo kawiri iwo osamva. Pamenepo ndinazindikira kuti Ama sanataye mwana yekha. Ine ndinawalanda munthu yekhayo amene akanalira naye.

Inu owerenga, makamaka inu atsikana anzanga, ndikupempheni zinthu zimene ine ndaphunzira mochedwa. Mukapita kwa eni ake mukaona zodabwitsa, ndipo zina zidzakukhudzani mtima monga zinandikhudzira ine. Si kulakwa. Anthu a m'mudzi muja amalemekeza akufa awo m'njira yawo, ndipo mayi amene anandigulitsa kamphika analibe choipa chilichonse mumtima. Koma chinthu chimene uko n'chokongoletsera m'nyumba, kwanu chikhoza kukhala chopweteka. Wamkulu akakuletsani chinthu osakuuzani chifukwa, musafulumire kuganiza kuti sakumvetsani. Mwina pali zimene akudziwa zomwe sangathe kukuuzani. Ngati simukugwirizana nazo, funsani pamaso pake, osati kuvomera ndi pakamwa n'kukachita mobisa monga ndinachitira ine.

Ndipo manyazi musawayese khalidwe labwino nthawi zonse. Ine anthu amanditama kuti ndine wofatsa, sindiyankha akuluakulu, sindikweza mawu. Kufatsa komweko n'kumene kunandinamitsa, chifukwa ndinaopa kukalipiridwa kwa mphindi zochepa. Munthu amene sali pamalopo ndi wosavuta kumunamizira poti sangadziteteze, koma bodza limamupeza konko kumene ali. Mukalakwa nenani tsiku lomwelo, kudakali kowala. Mukadikira kuti zinthu zikhale bwino kaye, zikhoza kuipiraipira, ndipo chimene mukanalipira ndi kukokedwa khutu mudzalipira ndi m'bale.

Kwa akuluakulu amene muwerenge izi, sindikufuna kuchotsa mlandu pamutu panga, koma ndikupempheni kuti ana muziwauzako pang'ono. Mwana akafunsa za m'bale wake amene sanabwere kuchokera kuchipatala, musamangoti ana safunsa. Amaona, amasunga mumtima, ndipo tsiku lina adzafuna kutonthoza mayi ake m'njira yolakwika chifukwa palibe anamusonyeza yoyenera.

Sindikudziwa ngati Ama adzandikhululukire. Mwina sadzandilukanso tsitsi. Mwina Ankhazi adzauza msika wonse, ndipo amayi amene ankandimvera chisoni adzayamba kundiloza. Mwinanso Ama adzati Anti ndi amene andituma kuti ndiwayeretse, ndiye ndiyenera kufotokoza zonse mwadongosolo, za nsalu, za chimbudzi, za juzi, kuti aone kuti ndi zoona. Ndikuopa kwambiri.

Koma Lamulungu lisandipeze ndili chete. Mawa ndi Loweruka. Ada amalawirira kudoko, ndipo Ama amatsala okha m'chipinda akumanga mpango asanapite kumsika. Ndikagogoda n'kulowa. Sindikayamba ndi kufotokoza kuti cholinga changa chinali chabwino, chifukwa ndikudzidziwa, ndikayamba ndi zimenezo ndidzazungulira mpaka nthawi ya kumsika ikwane. Ndikagwada pakhomo pomwepo n'kunena kaye kuti: Ama, kamphika kaja ndinagula ndekha, Anti anandiletsa, ndipo ndinawanamizira. Zimene zikatsatire ndikazilandira ndili chogwada, ndipo sindikadzuka mpaka Ama atatsegula nambala ya mng'ono wawo.